Alignment ya pa kompyuta ku Limbe: makina ndi abwino, koma manambala mubwere nawo nokha

Shopu ya matayala imene tikuikamba ili mbali ya Limbe, ndipo ili ndi makina a alignment, ntchito yowongola kaimidwe ka matayala, okhala ndi makamera amene amayeza matayala onse anayi nthawi imodzi. Kwa mwini Corolla kapena Vitz wongofuna kuti galimoto isiye kukokera mbali imodzi, ntchito yawo ndi yokhutiritsa. Koma munthu wa Altezza kapena Subaru, amene mkati mwa sabata amadutsa Masauko Chipembere Highway popita kuntchito ndipo nthawi zina amakathamangitsa galimoto pabwalo lotsekedwa, mwina mpaka ku Donnybrook ku Harare, asangopereka makiyi n'kukhala pabenchi. Akatero atuluka ndi galimoto yoyenera mumsewu mokha.

Timawayamikira pa zimene amachita galimoto isanakwere pa makina. Amapima mpweya m'matayala onse, kenako amainyamula n'kugwedeza tayala lililonse, manja kumbali kuti amve tie rod end, manja pamwamba ndi pansi kuti amve ball joint ndi bearing. Akapeza china chikusewera amakubwezani kuti mukakonzetse kaye. Akuchita bwino, chifukwa alignment yochitira pa mabush otha imasokonekera pa bampu yoyamba ya ku Ndirande. Amasindikizanso pepala la manambala, oyamba ndi omaliza. Lisungeni pepalalo.

Pa kusankha saizi m'pamene tikusiyana nawo maganizo. Amakonda kukulozerani marimu a 18 chifukwa amakongoletsa galimoto. Tiyeni tiwerengetse. Pa tayala la 215/45R17, lomwe Altezza RS200 zambiri zimabwera nalo, 215 ndi m'lifupi mwa tayala m'mamilimita, 45 akutanthauza kuti khoma la m'mbali ndi 45 peresenti ya m'lifupimo, ndipo 17 ndi kukula kwa rimu m'mainchi. Khomalo ndi mamilimita 97, tayala lonse kutalika kwake 625. Mukapita pa 225/40R18 khoma limatsika kufika 90, ndipo ena amaika 215/35R18 lokhala ndi 75 basi. Ndi maenje amene amatseguka m'misewu ya ku Machinjiri ndi Bangwe nthawi ya dzinja, khoma lochepa chotero limapanikizika pakati pa rimu ndi m'mphepete mwa dzenje, ulusi wa mkati umaduka, tayala limatupa chibuluni, ndipo rimu imapindika. Tayala lotupa silimatika, ndi lotaya.

Ife timasankha 225/45R17 pa rimu ya 7.5J kapena 8J, ndiye kuti ya m'lifupi mwa mainchi 7.5 kapena 8. Khoma limakwera kufika 101, mphira wokhudza pansi umachuluka, ndipo tayala lonse limakhala 634, kusiyana ndi loyamba ndi 1.4 peresenti yokha. Speedometer ikamanena 100 mumakhala muli cha pa 101. Musapyole 3 peresenti, makamaka pa Subaru ndi galimoto zina zokoka matayala onse anayi, zimene zimafunanso kuti onse anayi akhale a saizi imodzi ndi otha mofanana, apo ayi center diff, imene imagawa mphamvu pakati pa matayala a kutsogolo ndi a kumbuyo, imatentha. Onaninso offset, nambala ya ET yolembedwa kuseri kwa rimu, imene imanena kulowa mkati kapena kutulukira kunja kwa rimuyo. Ikakhala yochepa kwambiri tayala limatulukira kunja n'kumakhula fenda mukanyamula anthu kumbuyo. Anyamata a pashopuyi amayesa mabowo a rimu, 5x100 kapena 5x114.3 (kuchuluka kwa mabowo ndi katalikirana kwake), koma za ET amaiwala mukapanda kufunsa.

Ali ndi matayala atsopano ndi a kaunjika omwe. Pa a kaunjika werengani manambala anayi omaliza a DOT, yolembedwa pakhoma la tayala: 2319 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Lopitirira zaka 6 lisapite pabwalo ngakhale mizere ioneke yakuya. Chenjeraninso ndi matayala a nyengo ya chisanu monga Bridgestone Blizzak, amene galimoto zina zochokera ku Japan zimafika nawo. Mphira wake ndi wofewa, ndipo pa phula lotentha la mu Okutobala galimoto imachedwa kuima mukaponda buleki.

Tsopano vuto lenileni. Makinawo amaonetsa mtundu wobiriwira manambala akalowa m'malire a fakitale, ndipo mmisiri akaona zobiriwira amatsitsa galimoto. Malirewo ndi otakasuka. Camber, kupendekera kwa tayala m'madigiri, ikhoza kukhala -0.2 kumanzere ndi -0.9 kumanja, zonse n'kubiriwira, galimoto n'kumakokabe. Pemphani kuti mbali ziwirizi zisasiyane kuposa 0.3 ya digiri. Kumbukiraninso kuti kuno timayenda kumanzere ndipo msewu umatsetserekera kumanzere kuti madzi azitsika, choncho galimoto yowongoka bwino imatengeka pang'onopang'ono kupita m'mphepete mukasiya chiwongolero. Chimenecho si chilema.

Camber ndi kupendekera kwa tayala mukaliyang'ana kuchokera kutsogolo, ndipo ikakhala negative ndiye kuti mutu wa tayala wapendekera mkati. Pokhota mothamanga galimoto imagonera kunja, tayala lakunja limagubudukira paphewa pake, ndipo camber ya negative ndiyo imalibwezera kuti likhale chafulati. Ya mumsewu wokha, -0.5 mpaka -1 ndi yokwanira. Ya pabwalo lokha, kutsogolo imafuna -2.5 mpaka -3. Galimoto yogwira ntchito zonse ziwiri ikhale pa -1.5 mpaka -2 kutsogolo, ndi -1 mpaka -1.5 kumbuyo. Pa galimoto za MacPherson strut, zimene shoko ndi sipulingi zili chinthu chimodzi chogwira tayala, mungafunike mabawuti a camber, amene amawonjezera digiri imodzi kapena kupitirirako pang'ono. Shopuyi siiwasunga, choncho mubwere nawo, koma kumanga amamanga bwino. Galimoto za torsion beam kumbuyo, chitsulo chimodzi cholumikiza matayala awiri, monga Vitz ndi Honda Fit, zilibe posinthira. Manambala a kumbuyo akafiira, nthawi zambiri ndiye kuti chitsulocho chinapindika.

Mmisiri adzakuuzani kuti camber yotereyi ikudyerani matayala mkati. Akunena zoona pang'ono, koma chimene chimamaliza tayala msanga ndi toe, kumene mphuno za matayala zaloza mukayang'ana kuchokera pamwamba. Tayala limodzi likapatuka ndi 0.2 ya digiri chabe, limakwekwerezeka cham'mbali mamita atatu ndi theka pa kilomita iliyonse, ngati munthu wokoka patapata pansi. Camber ya -2 ikakumana ndi toe yoloza kunja, mkati mwa tayala mumayera waya kunja kukuonekabe kwatsopano. N'chifukwa chake timati kutsogolo toe ikhale 0, kumbuyo iloze mkati pang'ono, cha pa 0.1 mbali iliyonse, kuti kumbuyo kusavine poponda buleki. Toe yoloza kunja kutsogolo imathandiza galimoto kulowa pakona mwachangu, koma paulendo wautali wa ku Zalewa chiwongolero sichikhazikika. Kumbuyo isaloze kunja ngakhale pang'ono.

Ndondomeko ya alignment amaidziwa: kuyamba kumbuyo, kenako caster ndi camber kutsogolo, toe pomaliza, chifukwa kusintha camber kumasuntha toe. Caster, kupendekera kwa mzere umene tayala limatembenukirapo mukayang'ana kuchokera m'mbali, ngati galimoto ikulola, ichuluke ndipo ifanane mbali zonse, pakuti ndiyo imabweza chiwongolero pakati. Mukhale pampando wa dalaivala pamene akuyeza, mafuta ali theka la thanki. Amalola mukapempha mwaulemu.

Chimodzi chimene ayenera kusiya ndi kumanga manati ndi mfuti ya mpweya mpaka kulira. Toyota zambiri zimafuna 103 Nm. Kupyoza apo kumatalikitsa ma stud, mabawuti ogwira tayala, mpaka kuduka, ndipo torque wrench ali nayo m'kabati, ingoifunsani.

Za mpweya wa pabwalo sadzakuuzani. Mumsewu tsatirani kapepala ka pachitseko cha dalaivala, kawirikawiri 32 mpaka 35 psi matayala ali ozizira. Pabwalo mpweya umakwera ndi 4 mpaka 6 psi akatentha, ndiye yambani pa 28 kapena 30, muzungulire kangapo, mupime nthawi yomweyo mukaima. Jambulani choko paphewa la tayala: chikafufutika mpaka pakhoma la m'mbali, mpweya wachepa kapena camber yaperewera. Pobwerera kunyumba popaninso, ndipo ngati munaika matayala a mizere yochepa a mpikisano, achotseni mvula ya Novembala isanayambe, chifukwa pa madzi odikha a pa Chichiri amayandama.