Jimny yandikhutiritsa pamiyala, koma ogulitsa ndikadali nawo chakukhosi

Ndikupereka nyenyezi zinayi mwa zisanu, ndipo imodzi imene ndachotsayo ndaichotsa chifukwa cha anthu amene anandigulitsa, osati chifukwa cha galimoto. Ndinagula Suzuki Jimny ya zitseko zitatu, ya giya yosintha ndi dzanja, kwa ogulitsa ena amene amaika magalimoto a makampani osiyanasiyana pabwalo limodzi. Aliyense amene anafunsapo mtengo wake akudziwa kuti ngakhale galimotoyi ndi yaing'ono, ndalama zake si zazing'ono.

Mnyamata amene anandilandira pabwalopo atamva kuti ndikufuna galimoto yoyenda nayo m'njira za miyala, anandiyang'ana momvera chisoni. "Bwana, aka n'kam'tauni, kumiyala kumafunika galimoto yamphamvu," anatero, n'kuyamba kundikokera ku pikapu ya double cab imene inali pafupi ndi geti. Anandiwerengera mphamvu za injini yake ya dizilo, kukula kwa matayala ndi kunyezimira kwa bampala, koma nditamufunsa kutalika kwa mpata wa pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo, anati akafunse kuofesi, ndipo yankholo ndikulidikirabe mpaka lero. Ndinaumirira pa Jimny, ndipo ndinalipira padera kuti aike zitsulo zotetezera kunsi, chimodzi pa transfer case (bokosi la magiya logawira mphamvu ku matayala akutsogolo ndi akumbuyo) ndi zina pamene pamamangidwa mikono yogwira ma axle (zitsulo zopingasa zimene matayala amamangidwako), chifukwa amenewo ndi malo amene miyala imakonda kumenya. Tsiku lotenga galimoto anandipatsa makiyi mothamanga, maso ali kwa kasitomala wina. Ndili m'njira ndinaona kuti galimoto ikudumphadumpha modabwitsa, ndipo nditayeza mpweya ndinapeza kuti matayala onse anapopedwa mopitirira kwambiri 1.8 bar imene yalembedwa pachomata cha pakhomo la dalaivala. Munthu wina akanangoganiza kuti galimotoyo ndi mmene ilili, n'kumapweteka msana popanda chifukwa.

Za pamsewu wa phula sindichulukitsa mawu. Injini yake ndi ya malita 1.5, thanki imalowa malita 40, kumbuyo kwa mipando kuli malo a malita 85 okha, ndipo lole ikadutsa mothamanga mphepo yake mumaimva pachiwongolero. Zonsezi ndinkazidziwa ndisanalipire.

Chimene chandichititsa kulemba ndi zimene zinachitika pamalo amodzi ovuta m'njira ina ya m'mapiri. Pagulu lathu panali Jeep Wrangler Rubicon, Toyota Land Cruiser 79, Jimny yangayi, ndi pikapu ya double cab ya mtundu womwe uja mnyamata ankandikakamiza. Dzina la pikapuyo sinditchula, chifukwa zimene zinaichitikira zikanachitikira pikapu ina iliyonse yaitali choncho. Njirayo imatsikira m'chigwembe chouma, n'kukhota mwadzidzidzi pakati pa miyala iwiri ikuluikulu, kenako n'kukwera thanthwe lofika m'mawondo, ndipo pamwamba pa thanthwelo pali msana wakuthwa umene galimoto iyenera kuudutsa mimba yake isanakhalepo.

Inayamba ndi Rubicon, ndipo panalibe choonera. Mwini wake, bambo wachikulire wodekha, anadina mabatani otsekera difu yakutsogolo ndi yakumbuyo (difu ndi chipangizo chogawira mphamvu ku tayala lakumanja ndi lakumanzere, ndipo ikatsekedwa onse awiri amazungulira mofanana), n'kumasula chitsulo chimene chimaletsa galimoto kupendekeka pokhota, kuti matayala akutsogolo azitha kukwera ndi kutsika momasuka. Giya yake yotsika imachepetsa liwiro pa mlingo wa 4:1, motero galimotoyo inakwawa pang'onopang'ono injini ikungong'ung'udza, tayala lililonse likufunafuna pogwira mpaka kulipeza. Dzina lake linachokera ku Rubicon Trail, njira ya miyala yotalika makilomita pafupifupi 35 m'mapiri a Sierra Nevada ku California, ndipo ataiona ikukwera munthu sangafunse chifukwa chake.

Land Cruiser 79 inakwera mwa njira yake. Magalimoto a mtundu wa 70, umene 79 ili m'gulu lake, anayamba kupangidwa mu 1984 ndipo anawapangira kunyamula katundu wolemera m'malo oipa, choncho masipuling'i ake akumbuyo ndi ouma ikakhala yopanda katundu. Mpata wa pakati pa matayala ake akutsogolo ndi akumbuyo ndi mamilimita 3180, ndiye pokhota pakati pa miyala ija dalaivala anabwerera kumbuyo kuti aikonze bwino. Pathanthwe tayala limodzi lakumbuyo linanyamuka m'mwamba ndithu, koma popeza madifu onse anali otseka, matayala otsalawo anakoka mofanana ndipo galimoto inafika pamwamba. Kulemera kwake, kumene kumapitirira matani awiri, kunasuntha miyala ing'onoing'ono imene inali m'munsi mwa thanthwe, moti ife obwera pambuyo tinapeza sitepe itatalikirapo.

Pikapu ija ndiyo inatichedwetsa. Matayala ake akutsogolo amayenda lililonse palokha, zimene zimakoma pamsewu wa phula, koma pamiyala mphuno ikalemedwa chitsulo chapakati chimatsika n'kuyandikira pansi. Inakwera thanthwe ndi mphamvu, chopondera cha m'mbali chinapindika pamwala, ndipo matayala akutsogolo atangodutsa msana uja n'kuyamba kutsikira mbali inayo, mimba inakhala pamwala. Dalaivala anatseka difu yakumbuyo n'kuponda mafuta, koma kulemera konse kunali pachesisi, ndipo matayala ankangopala fumbi ndi kununkha mphira. Mphamvu zonse za injini zimene ndinawerengeredwa pabwalo paja zinalipo, koma zinalibe pogwira. Tinaikweza ndi jeke, tinaunjika miyala pansi pa matayala, ndipo pomaliza Land Cruiser inaikoka ndi lamba.

Nthawi yanga itakwana anzanga ena anali atayamba kale kumasula lamba wokokera uja kuti andidikirire nawo. Ndinachepetsa mpweya m'matayala kuti mphira uzikumbatira mwala, ndinaika ndodo ya transfer case pa 4L, imene ndi giya yotsika yokokera matayala onse anayi, n'kulowa m'chigwembe ndi giya yoyamba. Galimotoyi ndi yopapatiza, mamilimita 1645 okha m'lifupi, motero pakati pa miyala iwiri ija ndinakhota kamodzi popanda kubwerera, malo n'kutsala mbali zonse. Kutsogolo kwake n'kwakufupi ndipo imatha kuyang'anizana ndi chitunda cha madigiri 37 bampala isanakhudze, choncho matayala ndiwo anayamba kufika pathanthwe. Bambo a Rubicon aja anaima pamwamba akundilozera ndi manja. "Achimwene, tayala likwere pamwamba pa mwalawo, musaulowetse pakati," anatero. Malangizo amenewo ali ndi chifukwa chake. Mamilimita 210 amene amalembedwa kuti ndiwo mpata wa pansi pa Jimny amayezedwa pa difu, ndipo pagalimoto ya axle yathunthu yolumikiza matayala onse awiri, ngati Jimny, difu imakwera limodzi ndi tayala. Mwala ukakhala pansi pa tayala galimoto yonse imakwera, koma ukalowa pakati umagunda difu.

Pakati pa thanthwe galimoto inapotokoka, tayala lakumanja lakutsogolo ndi lakumanzere lakumbuyo anasiya kugwira pansi, ndipo inaima. Apa ndi pamene mtima unandigunda, chifukwa Jimny ilibe chotsekera difu, ndipo pagalimoto yotere mphamvu zimathawira ku tayala limene lili m'malere. Chimene ili nacho ndi kompyuta imene imamanga buleki pa tayala limene likuzungulira pachabe kuti mphamvu zipite ku linzake. Imafuna kuti dalaivala asachotse phazi pamafuta komanso asaponde mwaukali. Ndinasunga phazi pamalo amodzi, matayala awiri aja anazungulira kanthawi, kunsi kunamveka kugogoda kwa mabuleki, kenako galimoto inagwedezeka n'kukwera. Pamsana wakuthwa uja ndinadikira kumva chitsulo chikukhuzika, koma sindinamve kanthu. Mpata wa pakati pa matayala ake ndi mamilimita 2250, pafupifupi mita yathunthu kuchepera pa wa Land Cruiser 79, ndiye matayala akumbuyo anali atafika kale pamwamba mimba isanayandikire mwala. Potsika, kumbuyo kumene kumalola madigiri 49 kunadutsa osakhudza paliponse, pamalo pomwe chokokera ngolo cha pikapu ija chinali chitasiya mzere woyera pamwala. Lamba uja anamupinda n'kumubwezera m'galimoto.

Chisangalalo changa sichinapite patali. Titayenda pang'ono ndinamva chitsulo chikulira kunsi, ndipo nditagona pansi kuti ndione ndinapeza chotetezera transfer case chikulendewera pabawuti limodzi. Mabawuti ena anali atagwa chifukwa anangowazungulitsa ndi zala, ndipo bowo lina penti wake anali wosakandika konse, kusonyeza kuti simunalowepo bawuti chiyikireni. Chitsulo chimene ndinalipira kuti chiteteze galimoto chikanatha kukodwa pamwala, n'kupindikira m'mwamba, n'kuphwanya chinthu chomwecho chimene chinkayenera kutetezedwa, tili kutali ndi msewu. Ndinachimasula n'kuchiika kumbuyo, ndipo njira yotsalayo ndinayenda ndi mantha komanso mkwiyo. Ntchito yomanga mabawuti si yofuna maphunziro apamwamba, imangofuna kuti munthu akhale ndi chidwi ndi galimoto imene wagulitsa, ndipo chidwi chimenecho pabwalo paja ankachisungira ogula magalimoto akuluakulu.

Ngakhale ndasangalala nayo chonchi, sindinganene kuti Jimny ikufanana ndi Rubicon, ndipo amene amanena zimenezo amakhala atatengeka. Giya yake yotsika ndi ya mlingo wa pafupifupi 2:1, ndipo mukawerengera pamodzi giya yoyamba, transfer case ndi difu, injini imazungulira maulendo pafupifupi 36 kuti tayala lizungulire kamodzi, pamene pa Rubicon nambala imeneyo imapitirira 70. Tanthauzo lake pamiyala n'lakuti Jimny ya giya ya dzanja imafuna kuyenda mofulumirirapo kuposa mmene mwala ukulolera, ndiye phazi lakumanzere limagwira ntchito yambiri, ndipo m'malo aatali a miyala yokhayokha dalaivala ayenera kupumitsa klatchi isanayambe kununkha. Buleki ya kompyuta ija imagwira tayala litayamba kale kuterereka, pamene difu yotseka siilola kuterereka n'komwe, ndipo kusiyana kumeneku kumaoneka thanthwe likakhala lonyowa kapena lotalika kwambiri. Popeza ndi yopapatiza komanso yaitali m'mwamba, pamalo opendekeka cham'mbali munthu umamva m'mimba kuzizira msanga kuposa uli mu Land Cruiser. Matayala amene imabwera nawo, a 195/80 R15, ndi a pamsewu, ndipo m'mbali mwake ndi mofewa kwa miyala yakuthwa.

Chimene chimaipulumutsa ndi kupepuka ndi kufupika. Imalemera makilogalamu pafupifupi 1100, choncho siigumula njira, siithyola zitsulo zake ikagwa kuchoka pamwala, ndipo imasankha podutsa pamene magalimoto aakulu alibe chosankha. Koma kupepuka komweko kuli ndi malire ake, pakuti kulemera konse kololedwa ndi makilogalamu 1435, ndiye anthu akuluakulu, madzi, zida ndi tayala lapadera zikalowa, malire amakhala atayandikira. Amene amayenda ndi banja lonse ndi katundu wa masiku ambiri, Land Cruiser kapena pikapu ndiyo ingamuthandize, ndipo avomereze kuti pamisana yakuthwa azidzatsika n'kuunjika miyala. Mnyamata uja akanandiuza zimenezi ndikanamulemekeza, chifukwa n'zoona, koma iye sanafunse n'komwe kuti ndimayenda ndi anthu angati.

Nditabwerera kwa ogulitsa ndi chitsulo chija m'manja, mnyamatayo anayamba ndi kunena kuti ndinaizunza galimoto, ndiponso kuti anandichenjeza kale. Ndinapempha kuonana ndi woyang'anira galaja, ndipo apa ndi pamene mkwiyo wanga unatsikako. Anali bambo wa imvi amene sanatsutsane nane. Anaikweza galimoto, anaunika ndi tochi, anaika chala m'bowo lopanda bawuti lija, n'kupukusa mutu. Anapepesa, anaitana makaniko amene anagwira ntchitoyo kuti adzaone yekha, ndipo anamanganso zitsulo zonse ndi manati osamasuka okha, ine ndikuonerera. Anayang'ananso ma axle ndi madifu n'kundisonyeza kuti palibe chinapindika kapena kudontha mafuta, kupatula zokandika zochepa pa zotetezera mikono zija, zimene zikusonyeza kuti zinagwira ntchito yake. Sanandilipiritse kalikonse.

Chifukwa cha bambo amenewo ndipitiriza kukonzetsa galimoto yanga pamalopo, koma ndizidzalowera kugalaja osadutsa kuofesi ya ogulitsa. Amene mukugula pabwalo ngati limeneli n'kulipirira zitsulo zowonjezera, musanyamuke musanagone pansi ndi sipanala n'kuyesa bawuti lililonse, komanso muyeze mpweya musanatuluke pageti. Chotsatira kwa ine ndi kuika matayala a m'mbali molimba, ndipo amenewo ndikagula kwina.