Ajenti wa mapepala ku Joni: nyenyezi zitatu, ndipo ndawakomera mtima

Anthu ambiri akhala akundifunsa kuti pemiti yanga ndinaipeza bwanji komanso ngati ajenti amene ndinadutsira aja ndi odalirika, ndiye ndati ndingolemba kamodzi basi m'malo moyankha mmodzimmodzi pa WhatsApp. Dzina la kampani sinditchula, ndi kaofesi kena pakati pa tauni ya Johannesburg, chipinda chimodzi m'mwamba, kompyuta ziwiri ndi makina a fotokope, mayi mmodzi amene ndi mwini wake ndi kamnyamata kotumidwa.

Ineyo ndinakwatira mzika ya konkuno mu 2019, nthawi imeneyo ndinkangobwera kudzaoda katundu nkumabwerera kumudzi, mukudziwa kale kuti pasipoti yathu ya Malawi amatidindira masiku 30 basi ndipo masiku amenewo ndi oyendera, osati ogwirira ntchito. Anzathu a ku Zimbabwe ndi ku Lesotho anapatsidwako mapemiti apadera, ife a Malawi tilibe zotere. Ndiye 2023 bwana wina wa shopu ya zowotcherera zitsulo ku Germiston atanena kuti andilemba ntchito bola ndikhale ndi mapepala, akunyumba anati tisachite zongomva za m'maluwa, tipeze munthu wodziwa.

Ndiyambe ndi zabwino chifukwa zilipo ndithu. Ine ndinapita kumeneko mutu uli wodzadza ndi nkhani ya relative's visa chifukwa ndi imene anyamata onse pa Park Station amaitchula ukangoti ndinakwatira kuno. Mayi uja anandikhazika pansi nkundiuza kuti bambo imeneyo ikulolani kukhala ndi akazi anu mpaka zaka ziwiri koma simungagwire nayo ntchito, imene mukufuna inuyo ndi ya section 11(6) ya lamulo la zolowa ndi kutuluka m'dziko, ya munthu amene ali pabanja ndi mzika kapena ndi munthu wa pemanenti (chilolezo chokhala m'dziko muno mokhazikika), imeneyo amakulemberani kuti mutha kugwira ntchito, kuphunzira kapena kuchita bizinesi. Abale anga kusiyana kumeneku kokha ndikanataya chaka chathunthu ndi viza yongokhalira pakhomo kumadikira madamu abwere ndi buledi. Anandifotokozeranso kuti ndisalimbane ndi general work visa chifukwa imeneyo nthawi imene ija abwana ankayenera kudutsa kaye ku unduna wa zantchito, masatifiketi ako akaunikidwe ku SAQA (bungwe lounika mapepala a maphunziro), ulendo wautali umene munthu wa pabanja safunika kuyenda. Ndipo chimene ndinkaopa kwambiri, choti mwina andiuza kuti ndikapemphere ku Lilongwe, anati ayi, khoti lalikulu loona za malamulo a dziko linagamula mu 2019 pa mlandu wa Nandutu kuti mwamuna kapena mkazi wa mzika atha kusintha viza ali mkati mwa dziko momwemo ngakhale analowa ngati mlendo.

Mndandanda wa zofunika anandipatsa wolembedwa bwino: setifiketi ya ukwati, ID ya akunyumba ndi kalata yawo yonena kuti banja lilipodi, kalata ya ntchito, lipoti la dokotala, kalata ya kupolisi yosonyeza kuti ulibe milandu. Makalata ena anatilembera okha mu Chingerezi chamalamulo chija, ifeyo kungosaina. Pamenepa sindingawanyoze.

Tsopano zinazo. Mtengo anandiuza R9,000, theka poyamba theka patsiku lopereka, ndipo ine ndinkaganiza kuti zonse zili momwemo kumeneko kufikira sabata yomaliza pamene kamnyamata kaja kananditumizira uthenga kuti ndalama ya ku VFS (kampani imene imalandira mafomu a viza m'malo mwa boma) ndi yapadera, ya dokotala ndi yapadera, ngakhale kutsimikizira makope akuti muwonjezere kangachepe pomwe pa siteshoni ya polisi amadinda ulere. Sikuti anandibera ayi, ndalama ya VFS ndi yoona aliyense amalipira, koma bwanji osanena tsiku loyamba munthu nkukonzekeratu? Ananditumizanso kukajambulitsa X-ray ya pachifuwa, ndalama zina zapita, kenako ndinadzamva kuti lamulo la X-ray linali litachotsedwa kale mu April chaka chomwecho, iwowo ankagwiritsabe ntchito pepala lawo lakale lija osalisintha. Munthu amene ntchito yake ndi imeneyiyi tsiku ndi tsiku zimenezi amayenera kuzidziwa asanandidziwitse mnzanga wogulitsa matayala.

Koma chimene chinandipweteka zedi ndi kalata ya kupolisi. Ndinaitenga msanga ku Area 30 ku Lilongwe ndili kumudzi, nkuwatumizira chithunzi, iwo nkuti zili bwino dikirani tikuuzani tsiku lobwera. Kudikira, kudikira, foni osayankha, ukatumiza uthenga timizere tiwiri tabuluu koma zii, mpaka miyezi inadutsa. Atandiitana ndafika, masiku anga 30 ayamba kuwerengedwa, mayi uja akusanthula fayilo nkungoti aaa bambo kalata yanuyi yapitirira miyezi 6, sailandira. Ngati kuti ndine ndinaisunga dala! Tsiku lake analiona pachithunzi paja kalekale. Ndiye tangoganizani, basi ya ku Malawi kachiwiri, Beitbridge, Nyamapanda, Tete, Dedza, masiku awiri pamsewu miyendo kutupa, kukadindanso zala, kudikira, kubwereranso, abwana a ku Germiston aja akundiyang'ana ndi diso loti kodi iweyo uli siriyasi. Kukakamira kukhala masiku atatha sindinayerekeze nkomwe, chifukwa ukapitirira ndi masiku osaposa 30 amakuletsa kulowa chaka chimodzi, ukapitirira kuposa pamenepo ndi zaka 5, ndipo zimenezo amakudinda pachipata pomwepo ukutuluka, ajenti sakhalapo. Pepani sananene, anangondichotsera R500.

Chinthu china chimene anthu sadziwa, ndipo ajenti ambiri safuna kuti mudziwe, nchoti iwowo sapereka fomu m'malo mwanu. Chiyambire 2014 malamulo atasintha munthu umapita wekha ku VFS, amakujambula, amatenga zala, amalandira mapepala nkuwatumiza ku Home Affairs ku Pretoria, amene amagamula ndi a Home Affairs. Ajenti wanga anangondiperekeza mpaka pakhomo nkukhala panja akudya chipisi. Lisiti limene amakupatsa lili ndi nambala yoti uzionera wekha pa intaneti pamene pempho lako lafika, ndiye zija amanena kuti tikukutsatirani fayilo nzomwezo zimene ungachite pafoni yako uli gone. Komanso masiku ano palibe kaundula wa boma amene ajenti amenewa ayenera kulembetsa ngati kale, aliyense atha kupachika chikwangwani, kusiyana kwa katswiri ndi dobadoba ngati aja a kwathu aja umakuona mochedwa ndalama zitapita. Anga aja ndinganene kuti ali pakatikati.

Viza inatuluka, sindinama, yolembedwa bwinobwino dzina la kampani imene ndikugwirako. Apa napo samalani, chilolezo cha ntchitocho chimamangirira kwa bwana ameneyo, ukasintha ntchito uyenera kukapemphanso, izi anandiuza okha ndipo ndikuwayamikira.

Pamene ndinawasiyira ndi pa nkhani ya pemanenti. Lamulo, section 26(b), limati mukhale mutatha zaka 5 muli pabanja, ifeyo tinali ndi zinayi ndi miyezi, kamnyamata kaja nkumandiimbira kuti achimwene bweretsani R15,000 tiyambepo pompano tili ndi munthu wathu mkati. Mawu akuti munthu wathu mkati ndikangowamva thupi limachita tsembwe, ndaonapo anthu atanyamula pemiti yokongola zaka zingapo nkudzamva pa boda kuti mu kompyuta mulibe, mapeto ake kutsekeredwa ku Lindela, malo osungirako anthu opanda mapepala ku Krugersdorp, kudikira basi yowabweza. Kaya mayi uja ankadziwa zimene mnyamata wake amalankhula kaya ayi, ine sindinafunse, ndinangoti zikomo. Tinadikira zaka zikwane, tinatsitsa mndandanda wa zofunika pa webusaiti ya VFS, madamu anadzaza fomu pa laputopu ya kuntchito kwawo usiku umodzi, tinakapereka tokha. Ndipo dziwani kuti ukapempha pemanenti viza yakanthawi ija uyenera kumaiwonjezerabe isanathe, kutatsala masiku 60, usamati poti ndapempha yaikulu yaing'onoyi ingofa, komanso akakupatsa pemanenti banja likatha pasanathe zaka ziwiri imatha mphamvu.

Ndiye kodi ndingakutumizeni kumeneko? Ngati ndi koyamba, Chingerezi cha mafomu chimakuvutani ndipo simukudziwa kuti nkhani yanu ikugwera section iti, pitani mukalipire ya kukambirana kokha, ola limodzi, muwafunse mtengo wonse aulembe papepala, masiku a makalata anu muziwerenga nokha pa kalendala. Phukusi lonse la R9,000 lija ayi, kwa ine silinakwane ndi ntchito imene anagwira, makamaka ndikaphatikiza tikiti ya basi yopita ndi kubwera imene sindinaikonzekere. Mlamu wanga wa ku Mangochi akufuna kuyamba zake mwezi wamawa, ndamuuza abwere kunyumba Loweruka ndi mapepala ake onse tidzaone kaye limodzi, fayilo yanga yakale ija ndinasunga makope onse mu katoni ya nsapato pansi pa bedi.