Mbale ya zipinda zitatu kwa mwana wosankha ndiwo

Ana ambiri a zaka 2 mpaka 6 amakana chakudya chachilendo asanachilawe n'komwe, makamaka chikasakanikirana ndi chinzake. Msuzi wa nyemba ukangokhudza nsima, mwana wakankha mbale. Mbale yogawika zipinda zitatu, ija imagulitsidwa pamodzi ndi ziwiya zina zakukhitchini ku Ulongué ndi mumzinda wa Tete, imathetsadi vuto limeneli, koma si iliyonse yoyenera ndalama zanu.

Ya pulasitiki yopyapyala isiyeni. Nsima yotentha imaipinda, mafuta ndi tomato zimasiya banga losachoka, ndipo m'makona mwake mumatsalira zakudya. Yachitsulo chosachita dzimbiri ndiyo yolimba komanso yosavuta kutsuka, kungoti imatentha msanga, choncho nsima iyambe yapola. Musanalipire, pisani chala m'chipinda chaching'ono: khoma lake lifike pa mfundo yoyamba ya chala. Likachepera pamenepo, therere limawolokera ku nsima ndipo phindu lonse la mbaleyo latha.

Kagawidwe kake ndiye nkhani yaikulu. M'chipinda chachikulu ikani kamtanda ka nsima, osati mtanda wa munthu wamkulu. Chachiwiri chikhale cha ndiwo yomwe mwanayo amaikonda kale, kaya dzira kaya nyemba. Chachitatu ndicho cha chatsopano, ndipo muyeso wake ndi sipuni imodzi yaing'ono ya tiyi basi. Makolo ambiri amalakwitsa apa podzaza chipindacho, mwana n'kuchita mantha ndi kuchuluka kwake.

Yambani ndi zotsekemera mwachibadwa monga mbatata yofiira m'kati kapena dzungu. Kenako pabwere nkhwani wotendera, poti nsinjiro zimafewetsa masamba ndi kuziziritsa kuwawa kwake. Chisoso chidikire kaye. Kapenta wa ku Cahora Bassa mutsukeni m'madzi ofunda kuti mchere ndi mchenga zichoke, mumukazinge, ndipo ngati mwana ali wamng'ono mumusinje. Pende muyambe mwamunyenyanyenya ndi zala, minga yonse ichoke.

Akasiya chatsopanocho osachikhudza, chotsani mbale mwakachetechete, mudzachiikenso pakapita masiku awiri. Ana ena amafunika kuchiona kakhumi kapena kuposa asanameze. Kununkhiza, kunyambita, ngakhale kulavula, zonsezo ndi kupita patsogolo. Kukalipa ndi kukakamiza kumangowonjezera kukana, ndipo mabisiketi ndi jusi pafupi ndi nthawi ya nsima zimapha njala. Inunso idyani ndiwo yomweyo mwanayo akuona.

Choipa cha mbaleyi n'chakuti mwana akaizolowera kwambiri amakana kudya kwa agogo ake kumene kulibe. Ndiye ndiwo ikalandiridwa, isamutsireni ku chipinda chachiwiri, kenako masiku ena azidyera m'mbale wamba pamodzi ndi abale ake. Koma ngati khadi la kusikelo likuonetsa kuti thupi silikukwera, kapena mwana amatsamwa ndi kusanza pafupipafupi pakudya, pitani naye kuchipatala, musadikire mbale.