Dungeon Master's Guide ya 2014: yothandiza popanga zilombo, koma tchati cha HP musachikhulupirire kwambiri

Ngati mumayendetsa masewera a Dungeons & Dragons (masewera osimba nkhani amene amaseweredwa ndi madayisi) ndipo zilombo zopangidwa kale zakukwanani, mutu 9 wa buku la kampani ya Wizards of the Coast ili ndi wanu. Muli masitepe 20 opangira chilombo ndi tchati cha manambala oyenera pa CR iliyonse, womwe ndi mlingo wa kuopsa kwa chilombocho.

Kawerengedwe kake nkomveka. CR yodzitetezera mumaipeza pa HP (mapointi a moyo wa chilombo), kenako mumaikweza kapena kuitsitsa kamodzi pa mapointi awiri alionse amene AC (nambala yosonyeza kuvuta kwa kuchimenya) yasiyana ndi ya patchati. CR yomenyera imachokera pa avareji ya kuvulaza m'maraundi atatu oyamba. Moto wolavulidwa, kapena china chilichonse chomwazikira malo aakulu, mumachiwerenga ngati chagwira anthu awiri. CR yodzitetezera ndi yomenyerayo muziphatikize, mugawe pakati. Dayisi ya HP imatsata kukula kwa thupi: d6 (dayisi ya mbali 6) kwa chaching'ono, d8 kwa cha msinkhu wa munthu, d10 kwa chachikulu.

Povuta mpa HP. Pa CR 2 tchati chimati HP ikhale 86 mpaka 100, AC 13. Koma ogre, chimphona cha mu Monster Manual (buku la zilombo zopangidwa kale), yemwenso ndi CR 2, ali ndi HP 59 yokha ndi AC 11. Mukangokopera mzere wa patchati mumatulutsa chilombo chonga chitsa, chosagwa msanga komanso chosaopsa, ndipo pofika raundi yachisanu osewera amangoponya madayisi uku akuyasamula. Chepetsani HP, nkhonya ndiyo muikweze.

China chimene masamuwa sagwira bwino ndi kuchuluka kwa mpata womenya. Chilombo chimodzi pakati pa osewera anayi chimamenya kamodzi n'kumenyedwa kanayi, ndipo chikalephera saving throw (kuponya dayisi kodzipulumutsira) imodzi yokha ya matsenga ochiumitsa thupi, ndewu yathera pomwepo. Chipatseni tizilombo tiwiri kapena titatu toperekeza, apo ayi legendary actions (mipata yapadera yochitira kanthu kunja kwa nthawi yake) zitatu pa raundi.

Mutu 4, wa anthu amene osewera amakumana nawo m'nkhani, umalangiza ziganizo khumi pa munthu mmodzi: ntchito, maonekedwe, luso, kachizolowezi, chinsinsi ndi zina. Kwa mdani wamkulu nzoyenera. Kwa mlonda wa pachipata amene adzalankhula mphindi ziwiri, zachuluka. Zitatu zimakwana: chimene akufuna, kachizolowezi kamodzi kooneka, monga kuluma zikhadabo akamanama, ndi chimene akubisa. Matchati oponyera dayisi amapulumutsa osewera akafunsa mwadzidzidzi za munthu amene simunamukonzekere, ngakhale nthawi zina amapereka makhalidwe osagwirizana.

Pogula muonetsetse chaka. Buku la 2024 lilibe tchati cha CR chija, limangokuuzani kusintha zilombo zomwe zilipo kale, choncho wofuna kuumba chake kuyambira pachiyambi afune la 2014.