Minibasi za ulendo wa tsiku limodzi ku Doi Inthanon: lipirani, koma funsani kaye

Wochokera ku Chipata akafika ku Bangkok, likulu la dziko la Thailand, kaya wakwerera ndege ku Lusaka kapena wadutsa pa Mwami n'kukakwerera ku Lilongwe, amakhala atawononga kale ndalama zambiri. Ngati mwasungako zina zokaonera dziko, pitani kumpoto, ku Chiang Mai, ulendo wa ola limodzi ndi mphindi zochepa pa ndege. Kumeneko pafupifupi hotela iliyonse imagulitsa matikiti a minibasi zopita ku Doi Inthanon, phiri lalitali kuposa onse m'dzikolo, la mamita 2,565. Ulendowu ndi wabwino ndithu, koma matikiti ake si ofanana, ndipo otchipa kwambiri ndi amene amakhumudwitsa.

Minibasi imakutengani pakhomo pa hotela cham'ma 7 koloko m'mawa, anthu pafupifupi 10, ndipo imakubwezani madzulo. Msewu ndi wa tala mpaka pamwamba, maola awiri, koma chigawo chomaliza n'chokhotakhota kwambiri. Amene mumachita nseru m'galimoto, imwani mankhwala musananyamuke ndipo pemphani mpando wakutsogolo.

Musanalipire, funsani ngati mtengowo ukuphatikiza ndalama yolowera m'paki yomwe muli phirili. Mlendo wakunja wamkulu wakhala akulipira ma baht 300 (baht ndi ndalama ya ku Thailand) pachipata, ndipo pa akachisi awiri achibuda omwe ali chakumtunda kwa phirili pali malipiro ena apadera. Ogulitsa ena amachotsa zimenezi kuti tikiti ioneke yotsika, inu n'kudzazindikira muli kale pamzere. Nyamulani ndalama zapamanja.

Funso lalikulu kuposa onse ndi la njira yoyenda pansi. Tikiti yopanda njirayi ndi ulendo wongotsika, kujambula, n'kukweranso. Pansonga penipeni musayembekezere kuona patali: pali chikwangwani, mitengo yowirira, ndi kachulu kosungira phulusa la Mfumu Inthawichayanon, imene phirili linatengera dzina lake. Kukongola kuli pa Kew Mae Pan, njira yozungulira ya makilomita pafupifupi 3. Imayambira m'nkhalango yonyowa ya mitengo yovala ndere, kenako imatulukira pamtunda wa udzu pomwe chigwa chonse chili pansi panu, nthawi zina chitakwiriridwa ndi mitambo. Imatenga maola awiri, ili ndi masitepe ambiri, ndipo chifukwa muli pamwamba popitirira mamita 2,000, mpweya umaperewera msanga ngakhale kwa munthu wozolowera kulima. Simuloledwa kulowamo nokha. Gulu lililonse limatenga wotsogolera wa mtundu wa Hmong wa m'deralo. Njirayi imatsekedwa kuyambira Juni mpaka Okutobala kuti nkhalango ipume, choncho wokugulitsani tikiti ya Kew Mae Pan m'miyezi imeneyo akukunamizani. Nthawi imeneyo funsani za Pha Dok Siew, njira yotsetsereka yodutsa pa mathithi ndi m'minda ya mpunga ya anthu a mtundu wa Karen, yothera pamudzi wa Mae Klang Luang, pomwe amakupatsani khofi wolimidwa komweko. Kwa agogo ndi ana aang'ono, kanjira kamatabwa ka Ang Ka, pafupi ndi nsonga, n'kokwanira.

Akachisi awiri aja anamangidwa mu 1987 ndi 1992, pokumbukira zaka 60 za kubadwa kwa Mfumu Bhumibol ndi kwa Mfumukazi Sirikit. Minda yake yamaluwa ndi yosamalidwa bwino, ndipo pali masitepe oyenda okha. Polowa mkati mumavula nsapato, mapewa ndi mawondo zikhale zophimbika. Amayi, chitenje m'chikwama chimathetsa nkhani yonse. Vuto n'lakuti minibasi zambiri zimafika pano masana, chifunga chitatseka kale. Wotsogolera wodziwa ntchito amayamba ndi pamwamba, mathithi a Wachirathan n'kuwaona pobwerera. Funsani ndondomeko yake.

Chakudya chamasana ndi mpunga, ndiwo zamasamba ndi nkhuku kapena nsomba, chokhutitsa koma chosadabwitsa. Pamsika wa a Hmong musafulumire: zipatso, ndiwo ndi maluwa zimene amagulitsa zinabwera ndi ntchito ya Royal Project, yomwe inayamba mu 1969 pofuna kuti alimi a m'mapiri asiye kulima mbewu yopangira opiamu.

Nyengo ndiyo imasokoneza anthu akwathu. Disembala ndi Januwale, ife tili pakati pa dzinja ndi mvula, kumeneko n'kouma ndipo pamwamba pamagwa chisanu mpaka udzu kuyera mbuu. Juzi yokhuthala ndi nsapato zotseka n'zofunika ngakhale mumzinda mukutentha. Kuyambira kumapeto kwa Febuluwale mpaka Epulo alimi amatentha minda ndi tchire, utsi umaphimba mapiri kuposa uja wa kuno mu Seputembala, ndipo odwala mphumu amavutika nawo. Tikiti ya miyezi imeneyo sitingakulimbikitseni kugula. Konzani ulendo wanu pakati pa Novembala ndi Januwale.