Ku Botanic ya ku Zomba ndi mwana wosapirira phokoso

Amayi anzanga amene muli ndi mwana wonga wanga, woti phokoso likachuluka amagwira makutu kenako n'kudzigwetsa pansi, kayeseni Botanical Gardens ya ku Zomba, kuja timangoti ku Botanic. Malowa ali m'tsinde mwa phiri, kumtunda kwa tauni, kufupi ndi nyumba ya malamulo yakale ndi Hotel Masongola. Kulibe jumping castle, kulibe zimkuzamawu zogonthetsa m'kutu. Kuli mitengo, kapinga, nsungwi ndi mtsinje wa Mulunguzi wotsika kuchokera kuphiri, basi.

Mundawu ndi wakalekale. Anauyambitsa m'chaka cha 1891 ndi Alexander Whyte, katswiri wa zomera wa boma la atsamunda, pofuna kuyeserapo mbewu ndi mitengo yochokera kunja, ndipo lero ukuyang'aniridwa ndi a National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi. Kwa ine phindu la ukalambawo ndi mthunzi. Mitengo inakula mpaka kukumana m'mwamba, moti ngakhale mu October, Zomba atapsa ndi dzuwa, mwana amasewera osachita thukuta lomukwiyitsa. Komanso chichokereni likulu kupita ku Lilongwe mu 1975, dera la kumtundali ndi la zii. Minibasi ndi makondakitala ake zimathera kumunsi, kumsika.

Ine ndi bambo ake tinagwirizana kuti wathuyu, wa zaka zinayi, tizimulera osamumenya kapena kumukalipira. Kunena n'kosavuta. Mukalowa naye m'sitolo yaikulu, pakamwa pamangotuluka "usagwire", "bwera kuno", "ndati ayi", ndipo pofika pa thilu nonse awiri mitima ili m'mwamba. Ubwino waukulu wa ku Botanic ndi woti zoletsa n'zochepa. Ife tili ndi malamulo awiri okha, ndipo ndimamuuziratu tisanatsike galimoto: maluwa sitithyola, ndipo pafupi ndi madzi timagwirana dzanja. Zina zonse n'zake. Akafuna kutola masamba ouma, atole. Akafuna kunjuta n'kumalondola nyerere kuti aone kumene zikupita ndi kachiwala kakufa, ine ndimayala chitenje n'kukhala pansi. Tsiku lina tinangothera pamalo amodzi, iye akuponya timitengo m'madzi n'kumationa tikupita. Poyamba mtima unkandiuza kuti talipira pageti ndiye tizungulire munda wonse, koma mwanayo sanapemphe zimenezo.

Phokoso la mtsinje ndi la mtundu wina, silisintha ndipo silidzidzimutsa. Wangayu akayamba kulira chifukwa ndamuletsa kukwera mwala woterera, ndimangomufukata n'kumuuza kuti ndikudziwa wakwiya, alire bwinobwino, ndili pompano. Palibe gulu la anthu lotiyang'anitsitsa, palibe wonena kuti "mayi, tam'tontholetseni mwanayo". Manyazi a pagulu ndi amene amatikalipitsa ambirife, ndipo kuno ine sindiwamva.

Apongozi anga sagwirizana nawo kaleredweka. Amati, "Inu amake mwana, mukumulekerera uyu, adzakukwerani pamutu." Tinawatengako ulendo wina. Maganizo awo sanasinthe, ndipo sindinayembekezere kuti asintha, koma anakhala ndi mdzukulu wawo pansi pa nsungwi akumuonetsa mmene ankaimbira likhweru ndi tsamba ali mtsikana, mpaka tinachita kuwakumbutsa kuti kwada.

Nthawi yopita muziisankha bwino. Loweruka masana kumabwera akwati kudzajambulitsa, ndi mahutala, nthungululu ndi aperekezi ambirimbiri. N'zosangalatsa kuona, koma si zimene mwadzera. Ophunzira a ku yunivesite nawonso amakonda kudzacheza kumapeto a sabata, ena atanyamula kasipika. M'mawa wa pakati pa sabata ndiye wabwino koposa, kapena Lamulungu anthu akadali kutchalitchi. Nyengo ya dzinja Mulunguzi amadzaza ndipo miyala imaterera, choncho mwana wothamangathamanga musamuchotse diso. Mu June ndi July kumazizira kwambiri pansi pa mitengoyo, juzi isatsale.

Apusi alipo, ndipo nthochi amaidziwa ali patali. Chakudya chizikhala m'chikwama chotseka, mutulutse chokhacho chimene mukudya. Muwachenjezeretu ana kuti asawapatse kanthu kapena kuwathamangitsa. Wanga amawaopa pang'ono, ndiye tikawaona ndimamunyamula n'kumaonera patali.

Kamba mutenge kunyumba. Ife timanyamula mbatata yophika, mtedza, madzi ndi tiyi wa m'fulasiki, ndi jumbo yoikamo zinyalala. Pageti pamalipiridwa kandalama kochepa, mukhale ndi zosinthasintha m'manja. Malowa ndi otsetsereka ndipo njira zina ndi za mizu ndi miyala, choncho ngolo ya mwana ingokuvutitsani. Khanda ndi bwino kungolibereka kumbuyo.

Ena amafunsa ngati sikungakhale bwino kukwera pamwamba pa phiri, ku damu la Mulunguzi kapena ku Williams Falls. Kumeneko n'kokongola zedi, koma msewu wake wokhotakhota umamuchititsa nseru wangayu, ndipo ogulitsa mastroberi akazungulira galimoto amayamba kulira tisanatsike n'komwe. Ndikusungira akadzakulako. Mchimwene wake wa zaka khumi ndiye amakonda kuphiriko, ku Botanic amati kulibe chochita pokhapokha titam'tengera mnzake.

Pochoka ndi pamene pamavuta ana ambiri. Ine ndimamuuza nthawi ikadalipo kuti asankhe timitengo titatu totsiriza, tikatiponya m'madzi tizipita. Nthawi zina zimayenda, nthawi zina amalira mpaka pageti, koma tisanafike pa msika wa Zomba amakhala atagona.