Chamare ya ku Mua: zigoba za gule pakhomo pa ansembe

Mukamadutsa pa msewu wa M5 pakati pa Salima ndi Balaka, musapitirire osakhotera ku Mua, m'boma la Dedza. Pa Kungoni Centre pali nyumba yosungiramo za chikhalidwe yotchedwa Chamare, ndipo ine ndikuti ndi yoyenera ndalama yanu yolowera. Koma dziwiranitu kuti ndikulankhula ngati mdzukulu wa anthu awiri osiyana: agogo aamuna anali a ku dambwe, agogo aakazi anali osaphonya misa. Kwathu nkhani ya gule inkakambidwa monong'ona.

Mishoni ya Mua anaitsegula ansembe a White Fathers mu 1902. Kungoni inadzayamba mu 1976 ndi Bambo Claude Boucher a ku Canada, amene anthu amawatchulanso kuti a Chisale. Chipinda choyamba chimafotokoza mbiri ya mishoniyo, ndipo ine sindinachedwemo. Chachitatu ndi cha Angoni ndi Ayao, chokonzedwa bwino ndithu. Koma mtima wa nyumbayi uli m'chipinda chachiwiri, mmene muli zigoba za gule wamkulu mazanamazana.

Apa ndi pamene muyenera kukumbukira pomwe mwaima. M'zaka za m'ma 1920 ansembe a m'dera lomweli analimbana koopsa ndi nyau. Ankati gule akulepheretsa ana kupita kusukulu, ndipo mkhristu wopezeka ku dambwe ankaimitsidwa masakramenti. Mafumu nawo sanagonje, mpaka milandu inkafika kwa abwanamkubwa aang'ono a boma la atsamunda. Lero pakhomo pomwepo ndi pamene pakusungidwa Chadzunda ndi Kasiyamaliro mwaulemu. Agogo aakazi akanaona akanadzilemba chizindikiro cha mtanda, osadziwa kuti aseke kapena alire.

Chimene chinandikhalitsa nthawi yaitali ndi Simoni, wa nkhope yofiira ija ngati mzungu wopsa ndi dzuwa, ndi Maliya, amene dzina lake aliyense akudziwa komwe linachokera. Masiku ano ophunzira a ku yunivesite amakonda kukamba zochotsa utsamunda m'maphunziro, ndipo amatchula mayina a akatswiri a kutali. Sindikuwatsutsa. Koma makolo athu anayamba kalekale kumuphunzira mzungu. Anamuyang'ana mayendedwe, kavalidwe, ukali wake potolera msonkho, ndi chipembedzo chake, kenaka anamusema, kumupekera nyimbo, n'kumuvinitsa pabwalo anthu akufa nazo nseko. Pamene mzungu ankalemba za ife m'mabuku ake, ifenso tinkalemba za iye, kungoti cholembera chathu chinali sompho ndi ng'oma. Mu Chamare mumaona kuti gule sanaime pa za makedzana: chilichonse chachilendo chikafika m'mudzi, galimoto kaya matenda, chimapeza chilombo chake.

Wotiperekeza anali mnyamata wa m'deralo, wodziwa zinthu komanso wodziwa polekezera. Mayi wina m'gulu lathu atafunsa kuti amavala zigobazi ndani, anangomwetulira n'kuti, "Amayi, izi ndi zilombo, zimachita kuwedzedwa." Ndinamukonda pomwepo. Mukapita mupemphe kuti akufotokozereni m'Chichewa, ndipo ngati angathe akuimbireniko nyimbo ya chilombo chimene mwaima patsogolo pake, chifukwa mwambo weniweni uli m'nyimbomo.

Funso limene sindinathane nalo ndi ili: kodi zinthu zimene agogo anaziona atagula njira, n'zoyenera kuti aliyense azione atangogula tikiti? Mbali ina ndikuti pakanapanda ntchito yosonkhanitsayi, zilombo zambiri zikanaiwalika pamodzi ndi nyimbo zake, popeza chiswe ndi imfa za akuluakulu sizidikira. Ndipo kuli bwino zili ku Mua, pakati pa eni ake, kusiyana ndi kukakhala m'magalasi ku London kapena ku Berlin kumene mdzukulu wa wosema amafunika viza kuti akazione. Mbali inanso, chigoba chopachikidwa sichivina, sichiopsa ana, sichidzutsa fumbi pamaliro a mfumu. UNESCO italemekeza gule wamkulu mu 2005, inalemekeza mwambo wamoyo wa Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, osati mitengo yosemedwa yokha.

Musachoke osazungulira panja kuona zojambula za pakhoma, zofotokoza mbiri kuyambira pa Kaphirintiwa, pamene nthano ya Achewa imati anthu oyamba anatsikira. Palinso pogulitsira zosemasema, zopangidwa ndi amisiri a pomwepo. Ine ndinagula kachifanizo ka Banja Loyera, Yosefe ndi Mariya a nkhope za Chichewa, mwana ali kumbuyo pa chitenje. Malo ogona alipo kwa ofuna kugona. Aphunzitsi a sekondale, ngati mukufuna kopita ndi ana a Fomu 3, konzani ulendo wa tsiku lathunthu ndipo mufikeko m'mawa dzuwa la kunyanja lisanakule.